Mzinda wochira umadziwika ndi masewera

Mawu: Zekariya 8:4-5

Uthenga uwu unadza m'masiku a mfumu Dariyo, cha m'ma 518 Khristu asanabadwe. Ayuda anali atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, kachisi asanathe kumangidwa, malinga a Yerusalemu akadali mabwinja. Pofuna kuwaonetsa mzinda wochira, Mulungu anawalonjeza nkhalamba zokhala phee m'makwalala, ndodo ili m'manja, ana akusewera ponseponse. Munthu sasewera ndi amene akumuopa.

Taimani pamsika madzulo muone bawo. Maenje ndi 32, njere 64, osewera ndi awiri basi, koma gulu lowazinga ndiye losayamba. Wakabaza waimika njinga, telala wasiya makina, mphunzitsi wopuma ntchito akukangana ndi mnyamata wogulitsa chimanga chootcha, Msilamu ndi Mkhristu agundana mapewa. Mlendo amayamba ndi kuima kumbuyo, ali chete. Tsiku lina mtima umamukanika: "Achimwene, mukadatakata uku!" Amamuseka, kenaka wina amamusiyira mpando kuti aonetse nzeru zakezo. Amudya njere mpaka manyazi, komatu kuyambira pamenepo ali ndi dzina, mwinanso lachipongwe. Akasowa, amafunsana kuti ali kuti. Kukagwa zovuta kwawo, anthu a pabawo omwewo amakagona pa siwa. Palibe anawalemba m'kaundula. Chawalumikiza ndi kukumana tsiku ndi tsiku, kumvera malamulo amodzi, ndi kugonja pamaso pa anzako mawa n'kubweranso.

Amayi amazidziwa bwino izi pa ntchemberembaye, ana pa phada ndi fulaye.

Ndisabise, pakalowa ndalama masewera amasanduka juga, mnzako n'kukhala nyama yoti uidye. Bambo wokhalira pabawo ana akugona ndi njala asabisale kuseri kwa ulalikiwu.

Chimene chimandiluma ndi ichi: munthu amatha kupemphera nafe chaka chathunthu, pa benchi lomwelo, n'kuleka kubwera popanda wofunsa. Timapatsana moni wa mtendere osadziwana mayina. Pabawo zotere sizichitika. Tsono akulu ampingo, achinyamata akapempha bwalo la tchalitchi kuti aziseweramo Loweruka, musafulumire kunena kuti n'zachikunja. Apatseni bwalolo, tulutsaninso mipando pamthunzi kuti agogo adzakhale n'kumaonerera. Ndipo inu nonse, musanatuluke pachipata lero, funsani dzina la amene mwakhala naye pafupi.