Mukasintha moto, musaiwale agogo

Ana anga ndi adzukulu anga a kuno kwa Bundabunda, senderani pafupi ndikuuzeni za moto.

Ife tinakulira pa mafuwa atatu. Kenako msewu wa Great East unatiphunzitsa malonda a makala, amene a ku Lusaka amati malasha. Matumba oimikidwa m'mbali mwa msewu cha ku Chinyunyu ndiwo ankagula mchere, sopo ndi mayunifolomu anu. Koma taonani mapiri athu mmene ayerera.

Mu 2024 mvula inakana. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, ZESCO n'kumazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lathunthu. Chaka chomwecho boma linaletsa kuwotcha makala ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Lero m'tauni akulimbikitsa gasi ndi sola. Ine sinditsutsa. Utsi unatithera maso, ndipo ambiri a msinkhu wanga akutsokomola mpaka lero.

Nkhawa yanga ili pa mtima wa nkhalamba. Mwatenga mayi anu kukakhala nawo ku Mtendere kapena ku Kaunda Square, n'kuwauza kuti, "Amayi, musakhudze sitovu, muphulitsa nyumba." Munthu amene wavundula nsima zaka 60 wasanduka mlendo m'khitchini. Madzulo palibe mbaula yoizungulira, aliyense maso ali pa foni. Tulo timawasowa, chakudya akukana, ayamba kulankhula okha. Inu mumati ndi ukalamba, ena opanda manyazi amati ndi ufiti. Ayi ana anga, kumeneko n'kusungulumwa. Nawonso bambo otsala kumudzi, amene ankadalira thumba la makala, amagona akuwerenga mitengo ya denga poganiza za mawa.

Choncho mukagula gasi, gwirani dzanja la mayi anu, muwaonetse poyatsira ndi pozimitsira mpaka mantha athe. Nsima ya Lamlungu aphike okha. Nyale ya sola muziikolowekanso pakhonde, mukhale nawo pansi, akusimbireni za makolo athu Asoli. Bambo amene asiya makala muwagulire mbuzi kapena ming'oma ya njuchi, manja awo asakhale chabe. Mukaona kuti chisoni chawakhalitsa masabata, pitani nawo kuchipatala. Matenda a maganizo amachizika.

Mawu a akulu amakoma akagonera. Sinthani moto, koma agogo akhale pafupi nawo.