Boti la Nambala 61

Tchuthi chikafika, ana a kuno ku Mangochi amene ali m'sukulu za ukachenjede amabwera kunyumba ndi makope amene makolo awo sangawerenge ngakhale tsamba limodzi. Amene akuphunzira za malonda ndi za chuma, kaya ku MUBAS ku Blantyre, ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Catholic University ku Nguludi kapena pompano ku DMI, amakumana ndi masamu otchedwa calculus, ndipo ambiri amawaopa kuposa phunziro lina lililonse. Bambo amene wagulitsa usipa chaka chonse kuti apeze fizi ali ndi ufulu wotsegula kope la mwana wake wamkazi n'kufunsa kuti: "Kodi iwe mwanawe, masamu a zilembo zokhazokha awa, opanda kwacha ngakhale imodzi, adzakudyetsa?"

Yankho lapafupi n'lakuti popanda kukhoza masamuwo digiri palibe, ndipo popanda digiri ntchito imavuta. Koma pansi pa funso la bamboyo pali lina lolemera. Ophunzira za malonda amaphunzitsidwa calculus makamaka kuti azidziwa kupeza phindu lalikulu koposa. Kodi luso lotere limamukonza munthu, kapena limangonola umbombo umene adabadwa nawo?

Poyamba ndi bwino kudziwa chimene masamuwa amachita. Adawapeza ndi Isaac Newton wa ku England ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany, aliyense payekha, m'zaka za m'ma 1600, ndipo Leibniz adasindikiza njira yake mu 1684. Mu 1838 Augustin Cournot wa ku France adawagwiritsa ntchito pofotokoza mitengo ndi phindu la amalonda. Funso lake lalikulu ndi ili: munthu akawonjeza pang'ono mbali iyi, mbali inayo isintha bwanji? Mayi wowamba nsomba amalidziwa funsoli ngakhale sadalowepo m'kalasi. Asanagule dengu lina pagombe amayamba wawerengera nkhuni zowonjezera, galimoto yopita ku Limbe, ndi nsomba zimene zingaonongeke msika ukadzaza. Dengu loyamba limapindula kwambiri, lachisanu pang'ono, lachisanu ndi chitatu mwina limadya mpamba. Phindu limakwera ngati munthu wokwera chulu, limafika pansonga, kenaka limatsetsereka. Calculus imayeza kutsetsereka kwa chulucho pamalo alionse. Muyesowo m'kalasi amautcha derivative, ndipo pamene wafika pa ziro ndiye pansonga, pamene kuwonjeza kwaleka kupindula.

Tsono masamu omwewa apite kunyanja. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, onga amene mphunzitsi angalembe pabolodi. Pali kanyanja kena kamene nsomba zake zimachepa maboti akamachuluka, mwakuti boti lililonse limapha madazeni 100 a chambo pa sabata kuchotsapo chiwerengero cha maboti onse. Pakakhala maboti 10, lililonse limapha madazeni 90, onse pamodzi 900. Pakakhala 40, lililonse 60, pamodzi 2,400. Pakakhala 50, lililonse 50, pamodzi 2,500, ndipo apa ndiye pansonga pa chulu. Pakakhala 60, lililonse 40, pamodzi 2,400. Maboti 60 akupha nsomba zofanana ndi za maboti 40. Kuyendetsa boti limodzi, poona mafuta, kusoka makoka ndi malipiro a alovi, kumadya ndalama zofanana ndi madazeni 20 pa sabata.

Panyanjapo pali maboti 60, ndipo kwabwera munthu amene akufuna kuponya boti la nambala 61. Wapempha mwana wake wophunzira kuti amuwerengere. Mwanayo akuti: boti lathu lidzapha madazeni 39, tidzaononga 20, atsala 19. Sadalakwitse pena paliponse. Koma botilo likalowa m'madzi, maboti 60 aja lililonse limataya dazeni imodzi. Nyanja yonse, imene imatulutsa madazeni 2,400, tsopano ikutulutsa 2,379. Mwini boti latsopano wapeza 39, anzake ataya 60. Palibe amene wabedwa moti n'kukadandaula kwa amfumu, chifukwa dazeni imodzi pa sabata munthu amangoti mwera wavuta. Wa nambala 62 naye awerengera chimodzimodzi, wa 63 chimodzimodzi, mpaka maboti afike 80. Pamenepo lililonse likupha madazeni 20 n'kuononga 20. Onse akugona panyanja usiku wonse popanda chotsala, pamene maboti 40 akadatsala ndi madazeni 1,600 sabata iliyonse. Katswiri wa zachuma wa ku Canada, H. Scott Gordon, adafotokoza zimenezi mu 1954: nsomba zimene aliyense angaphe mmene afunira zimaphedwa mpaka phindu lonse litatha, ngakhale msodzi aliyense payekha akuchita mwanzeru.

Anthu a ku Mangochi safunika kuyerekeza. Nyanja ya Malombe ili pafupi pomwepa, kumunsi kwa boma, pamene mtsinje wa Shire umatambalala usanapitirire ku Liwonde. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, asodzi amapha chambo choposa matani 8,000 pa chaka m'nyanjayi. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 sichimafika ngakhale matani 1,000. Makoka adachuluka, maso ake adachepa. Nkacha ndi makoka a kambuzi amakokolola ndi kasawala yemwe, amene ndi chambo cha mawa, komanso kuzula zomera za pansi pa madzi m'mene tinsomba timabisala. Chambo chimaswana mosamala: chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Khoka limodzi lokokedwa pa nthawi yoswana limapha mibadwo iwiri. Komabe mwa onse amene adagula khoka latsopano m'zaka zimenezo, n'kovuta kuloza amene adalakwitsa masamu a m'thumba mwake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada, koma ku Malombe amene adagwa ndi gombe lonse, kuphatikizapo amene sadakwere mtengowo.

Apa ndiye pagona nkhani. Calculus imapeza nsonga ya chulu chimene munthu wailozera, koma siisankha chulucho. Isanayambe kugwira ntchito, wina amayenera kulemba kaye zimene zikuwerengedwa ngati phindu ndi zimene zikuwerengedwa ngati zotayika. Mwana wa mwini boti la nambala 61 adalemba mafuta, makoka ndi alovi. Madazeni 60 a anansi sadawalembe. Nsomba za zidzukulu zake zomwe sadazilembenso. Chimene sichidalembedwe pamzere woyamba sichingatulukire pa yankho, ngakhale wowerengerayo akhale wanzeru chotani. Choncho chisankho cha chikumbumtima chimachitika masamu asanayambe, pamene munthu akusankha amene amuwerengere ngati munthu ndi amene amusiye kunja kwa pepala. Zotsatira zonse ndi luso chabe, ndipo masiku ano ngakhale foni ya m'manja imatha kuzichita.

Wina akhoza kunena kuti ngati zili choncho masamuwa ndi oopsa, bola ana aphunzire zina. Koma ndi masamu omwewo amene aonetsa madazeni 60 otayika aja. Msodzi ali pagombe amaona 39 ake okha, chifukwa ndi amene ali m'boti mwake. Kuti munthu aone kuti boti lowonjezera lachepetsa nsomba za nyanja yonse ndi madazeni 21, ayenera kudziwa kusiyanitsa zimene boti limodzi lapeza ndi zimene lawonjeza pa zonse, ndipo kusiyanitsa kumeneko ndiye mtima wa calculus. Akatswiri a zofufuza za nsomba ku Monkey Bay ndi amene amaphunzitsa ku sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe amadalira masamu amtundu womwewu poyesa kuchuluka kwa nsomba zimene nyanja ingapereke chaka ndi chaka popanda kutha. Mudzi wopanda munthu wodziwa kuwerengera kotere umadziwa kuti nyanja yadwala nthenda itakula kale.

Pali chitsutso china chovuta kuposa ichi, ndipo sichiyenera kuzembedwa. Mwini boti la nambala 61 si chigawenga. Mwina munda wake ndi wochepa, mvula idadula msanga, ana akufuna fizi, ndipo nyanja ndiyo khomo lokhalo limene silifunsa satifiketi. Kumuuza kuti maboti oyenera ndi 40 n'kosavuta kwa munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Nanga 40 amenewo akhale a yani? A amene adayamba kale? A amene ali ndi ndalama zogulira injini zazikulu? Masamu amanena kuti nyanja ingasenze maboti angati, koma sanena amene atuluke, ndipo wophunzira amene amabisala kuseri kwa manambala n'kumati sayansi yalamula kuti wosauka achoke akunamiza anthu. Kugawa mtolo ndi nkhani ya chilungamo, ndipo chilungamo chimafuna kuti amene wadya zambiri m'nyanja asenze zambiri pamene nyanja ikufuna mpumulo. Kulanda masikito a mayi wa pagombe kwinaku maboti akuluakulu akukoka m'madzi osaloledwa si masamu, ndi kukondera.

Njira zogawana mtolo zilipo, ndipo zina ndi zakale kuposa mabuku a zachuma amene ana akuwerenga. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamuloli limagwira wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Ku Malombe, boma lidayamba mu 1993 kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake akhale nawo pokonza ndi kusunga malamulo, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Chambo cha ku Malombe sichinabwererebe mmene chidalili, zimene zikuonetsa kuti komiti payokha si mankhwala. Elinor Ostrom wa ku America, amene adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, adaonetsa kuti anthu wamba amatha kusamala chuma cha onse pamene malamulo awapanga okha, pali owayang'anira, ndipo wolakwa amalangidwa mosaona nkhope. Makomiti otere amasowa munthu wa kwawo komweko amene angawawerengere moona n'kuwafotokozera m'Chichewa kapena m'Chiyao chimene manambala akunena.

N'chifukwa chake mmene mwana amaphunzirira masamuwa ndi nkhani ya khalidwe, osati ya malikisi okha. Amene amadutsa ndi likasa, kapena kuloweza njira usiku wa mayeso, amatuluka ndi chizolowezi chimodzi chokha: kupeza derivative, kuiika pa ziro, kulemba yankho. Munthu wotere amawerengera chilichonse chimene bwana wamupatsa osafunsa kuti mzere woyamba adalemba ndani. Amene adavutika mpaka kumvetsa amadziwa kuti yankho lonse limabadwa kuchokera ku mzere woyambawo, ndipo amatha kuona chimene chasiyidwa. Ana amenewa mawa adzakhala m'maofesi obwereketsa ndalama, m'makampani ogula nsomba, m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi m'khonsolo. Wina adzafunsidwa kuti chiwongoladzanja chikwere kufika pati kuti ofesi ipindule koposa. Wina adzafunsidwa kuti mtengo wogulira usipa kwa asodzi utsike kufika pati. Wina adzafunsidwa ngati mpanda wa hotela ungatseke njira imene amayi amadzera potunga madzi. Mafunso onsewa ali ndi yankho lolondola pa masamu limene likhoza kukhala lolakwika pa anthu. Wophunzira wokhulupirika asananene yankho amafunsa kuti ndani alipire chimene sichidalembedwe, ndipo akapeza amanena, ngakhale bwana asakonde.

Makolo nawo ali ndi gawo. Amene amafunsa mwana wake za malipiro okha amene adzalandire amamuphunzitsa kulemba mzere woyamba wokhala ndi dzina limodzi. Sikofunika kudziwa x ndi y kuti munthu afunse mwana wake kuti, m'masamu akowo, anansi athu alimo?

Mtsikana uja akhoza kuyankha bambo ake mwaulemu kuti: "Bambo, masamuwa angathe kundidyetsa, inde. Koma chimene ndaphunzira n'chakuti mukafuna kugula khoka lina, ndikhoza kukuuzani zimene mudzapeze inuyo, ndiponso zimene adzataye amalume ndi ena onse a padoko pathu. Manambala onse awiri ndidzakupatsani." Bamboyo mwina sakondwa nayo nambala yachiwiriyo. Koma fizi yake yagula mwana amene amatha kuiwerengera ndipo saibisa, ndipo ku Malombe nambala imeneyo idafika m'makutu a ambiri chambo chitatha kale.