Nsomba ndi halali, nanga kasawala wa mu Novembala?



Sabata yatha ndinali kumudzi ku Ntcheu, chakumunsi kuja ku chigwa cha Bwanje. Malume anga amachita geni ya nsomba. Amakapikula ku Malembo, kunyanja, n'kudzagulitsa pa Kasinje ndi pa Sharpevale tsiku la msika. Sindibisa, mbali ina ya fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'dengu lomwelo. Ulendo uno atamasula dengu ndinaona tinsomba totalika ngati chala changa chapakati. Si usipa, si kambuzi. Anali kasawala, ana a chambo. Ndipo mwezi wake ndi uno wa Novembala, nyanja ili yotseka.

Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Malume, nanga izi si zoletsedwa?"

Anaseka kaye. Kenako anati, "Mphwanga, iwe ku madrasa unapita patali kuposa ine. Tandiuza, ndi Surat iti inaletsa kasawala? Nsomba ndi halali, ngakhale kuzinga sitizinga. Zotseka nyanjazo ndi za boma, si za Allah."

Ndinasowa poyambira. Madzulo ake kasawala yemweyo anabwera pa mkeka ndi nsima, ndipo ndinadya. Anali wokoma, pamenepo ndisanamenso. Koma funso lawo ndabwerera nalo ku sukulu, ndiye ndati tiliganizire limodzi pano.

Choyamba, malume sananame. Nsomba ndi halali. Surat Al-Maidah inatiloleza zosaka za m'nyanja, ndipo nsomba sitizinga monga tichitira ndi nkhuku. Mu fiqh nsomba yomwe ili m'madzi ilibe mwini mpaka wina ataigwira. Ngati funso likanakhala la nyama ya nsombayo basi, nkhani ikanathera pa mkeka pomwe paja.

Koma amene tinakhalako pansi pa mwalimu tikukumbuka kuti haramu ili pawiri. Pali chinthu chomwe ndi haramu pachokha, monga nkhumba. Palinso chomwe chili halali pachokha koma chaipitsidwa ndi njira yomwe chabwerera. Mbuzi yakuba, ngakhale aizinge Shehe weniweni atayang'anitsa ku Qibla ndi Bismillah yomveka bwino, siyera ayi. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: potenga kasawala nthawi ino, kodi pali wina amene tamulanda?

Kuti tiyankhe, tione kaye mmene chambo chimaswanirana, chifukwa ambiri a ife a kumtunda timangochidziwa chili m'mbale. Chachimuna chimakonza bwalo lake pa mchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa, osadya bwinobwino, mpaka ataswa. Kenako chimapita ndi ana ake kumadzi osaya a m'mphepete, ndipo pakabwera choopsa tianato timathawira m'kamwa mwa mayi wawo. Subhaanallah. Kuti kamwana kaja kafike poswana nako pamatenga zaka pafupifupi zitatu. Ndiye khoka likakokedwa m'mphepete nyengo imeneyi limasalaza mabwalo aja, limatenga mayi ali ndi mazira m'kamwa, limatenganso ana. Akasokereramo neti ya udzudzu mkati mwa khokalo, ija tinalandira kuti titetezeke ku malungo, palibe ndi kamodzi komwe kotsala. N'chifukwa chake kuyambira pa 1 Novembala makoka otere amaletsedwa pa nyanja ya Malawi.

Zotsatira zake sitichita kulota. Ku nyanja ya Malombe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, asodzi ankapha chambo matani masauzande angapo pachaka. Patangodutsa zaka khumi chinatsika kufika pa mazana ochepa, ndipo mu 1993 mpamene kunayambika makomiti a m'madoko aja a BVC kuti asodzi eni ake athandize kulondera. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Funsani agogo anu za ntchila. Kale inali nsomba yodzaza madengu, koma anthu ankaitchera pa mathiriro a mitsinje ikamakwera kukaswana, ndipo lero anzanga ambiri a msinkhu wanga sanaionepo ndi maso.

Ndiye wolandidwa alipo. Ndi msodzi amene wasunga lamulo n'kukhala pakhomo miyezi iwiri. Ndi mwana wa malume omwewo, amene akadzakula adzafuna kupitiriza geni ya bambo ake n'kupeza nyanja ili mbee. Kungoti wolandidwayu sakuwa, chifukwa mwina sanabadwe n'komwe.

Pa mfundo yoti lamulo ndi la boma: m'Chisilamu muli chinthu chotchedwa hima, malo omwe mtsogoleri amawapatula kuti anthu asawagwiritse ntchito mwachisawawa. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anapatula dera la Naqi' kufupi ndi Madina kuti msipu wake ukhale wa akavalo a Asilamu, ndipo Umar (radhiya Allahu anhu) anachitanso chimodzimodzi ku Rabadha. Udzu ndi halali, sichoncho? Koma mtsogoleri anautseka pofuna ubwino wa onse, ndipo ma Ulama anatengapo phunziro loti wolamulira akhoza kuika malire pa chinthu chololedwa ngati phindu la anthu likufuna choncho. Lamulo la za nsomba la mu 1997 si wahyi, aliyense akudziwa. Koma silikutilamula kunyoza Allah, likutiletsa kuononga, chomwe Qur'an inatiletsa kale.

Ndiponso si boma lokha linaganiza zimenezi. Ku Salima kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka usodzi nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala, n'kudzatsegula ndi mwambo cha mu Epulo. Pa chilumbapo salola mowa, chamba kapena juga. Anthu amamvera chifukwa lamulo ndi lawo, ndipo nsomba za ku Mbenji zimadziwika kuti ndi zikuluzikulu.

Nkhani imene yandisowetsa tulo kwenikweni ndi ya mu Surat Al-A'raf, ya mudzi wa m'mphepete mwa nyanja womwe anthu ake analetsedwa kugwira nsomba tsiku la Sabata. Nsomba zinkabwera poyera tsiku loletsedwalo, masiku enawo osaoneka. Mabuku a tafsir amafotokoza kuti anthu aja sanakane lamulo poyera. Anapeza kanjira: kutchera Lachisanu, kudzaonjola Lamulungu, n'kumati ife pa Sabata sitinagwire kanthu. Ndichenjeze msanga, sindikuti malume anga ndi anthu amenewo, ndipo chiletso chawo chinachokera kwa Allah mwachindunji, pomwe chathuchi n'cha anthu. Chomwe ndikuona chofanana ndi kanjirako. Mwini khoka amati ine sindipita pamadzi, amapita ndi anyamata. Anyamata amati ife ndi aganyu. Wopikula amati ndapeza zitafa kale. Ine wakudya ndimati ndangopatsidwa m'mbale. Aliyense m'manja mwake ndi moyera, koma chambo chikutha. Ndipo m'mudzi muja munali gulu lachitatu, lomwe silinkagwira nawo nsomba koma linkafunsa anzawo olangiza kuti mukuvutikiranji ndi anthu oti samva. Pa mkeka paja ine ndinaposa gulu limenelo, chifukwa ndinakhala chete n'kudya nawo.

Tisaloze kunyanja kokha. Kwathu komwe kuno, ndili wamng'ono, mwezi wa Okutobala mtsinje ukaduka n'kutsala maiwe, tinkati tikaweruka ku madrasa timakasinja katupe n'kuthira m'dziwe. Pakangopita kanthawi milamba, matemba, nkhanu, ngakhale achule, zonse zili gada pamwamba. Tinkatola zikuluzikulu, zotsalazo kuzisiya zikuola padzuwa. Njala sinali nkhani, kunyumba ndiwo zinalipo. Kunali kusewera chabe. Ndipo kumunsi kwa dziwe lomwelo amayi ankatunga madzi, ng'ombe zinkamwa, ife tomwe tinkapangira udhu. Mwa machimo a ubwana wanga, ili silinkandiwawa mpaka chaka chino.

Pa zosewera zomwezi, ndinamvapo anzanga akuseka alendo amene amakaweza nsomba za trout pa phiri la Zomba ndi ku Nyika. Nsombazo si zakuno, anazibweretsa azungu nthawi ya atsamunda n'kuzithira m'mitsinje yozizira kuti azisangalala poweza. Woweza amagula chilolezo, amagwiritsa mbedza imodzi, ndipo ena akagwira amaibwezera m'madzi. Ine zobaya nsomba pakamwa chifukwa chongosangalala sizindikomera, ndipo sindikhulupirira kuti mwalimu wanga akanazivomera. Koma ndikayerekeza mbedza imodzi ija ndi katupe wathu, woyenera kusekedwa ndikumudziwa.

Ena amati musadandaule, zikatha adzathiramo ana a nsomba ena. Zoona, ku Domasi amaswetsa makumba ndi chilunguni, ndipo alimi a maiwe amapindula nazo. Ine ndingakonde achinyamata a m'mizikiti yathu atakumba maiwe awo. Koma nyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse padziko siingadzazidwe ndi ndowa. Ku nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yachilendo ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950 pofuna kuchulukitsa zogwira, ndipo inadya mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'menemo mpaka kuzimiririka.

Tsopano mbali yovuta, yomwe sindikufuna kuidumpha. N'kosavuta ine kulemba izi pa foni ndili ku hositelo, nditakhuta. Miyezi yotseka nyanja ndi yomweyo imene chimanga chimakwera mtengo, feteleza akufunika, fizi ya Januwale ikusuzumira. Mnyamata wokoka khoka alibe munda, alibe malipiro a pamwezi. Kumuuza kuti pirira miyezi iwiri popanda kumuonetsa chodya ndi ulaliki wotchipa. Shari'ah imadziwa dharura, ndipo mayi amene wakokola timatemba ndi chitenje kuti ana asagone ndi njala ine sindingamuimike pa mlandu. Koma tinaphunziranso kuti dharura ili ndi muyeso wake: kudya kuti upulumuke, osati kudzaza matumba okweza pa lole. Mwini makoka atatu sali pa dharura. Malume anga, ngakhale amavutika, akhoza kupikula usipa kapena utaka wokhwima, phindu lichepeko. Ndipo ine wogula kasawala chifukwa watchipa ndi mahandiredi angapo ndilibe chonamizira ngakhale chimodzi. Komanso zakaat ndi sadaka zathu, zija timasonkha pa Ijuma, zinayamba zafikako kwa mabanja a asodzi nthawi yotseka? Ngati tikufuna asunge lamulo, mtolowo tisenzeko nafe.

Dzulo ndinawaimbira malume. Ndinayamba ndi kupepesa kuti mwana saphunzitsa mkulu, kenako ndinawakumbutsa za mbuzi yakuba ija. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa kuti mayunitsi atha. Kenako anati, "Ndamva, mphwanga. Koma ndikasiya ine, mnzanga wa benchi loyandikana nane apikula yemweyo, makasitomala anga onse apite kwa iye. Udzandilipirira ndiwe fizi ya azing'ono ako?"

Ndinawayankha kuti pakadali pano sindingathe. Chomwe ndinalonjeza n'chakuti ndikabwera pa holide ya Disembala ndidzakhala nawo pa benchi masiku a msika, tidzayese limodzi kugulitsa usipa ndi utaka zokha, tione ngati ndalama yake ingakwane. Sanavomere, sanakane. Anangoti ndibwere ndi chipewa, chifukwa pa Sharpevale dzuwa la Disembala silichita masewera.