Kodi Cifukwa Coona Cingathe Kukhala Bodza?

Pali ponse pamene anthu owerengeka asankhidwa pakati pa anthu ambiri, mkangano sulephera. Maina a timu ya mpira akangochulidwa, wina amati, "Uje amsiyiranji?" Mnzace namyankha kuti, "Miyendo yace yatha, sathamanganso monga kale." Mikangano yotere imatha ndi kuseka, pakuti palibe amene angathe kusuzumira mumtima mwa wosankha. Koma unalipo mkangano wina, m'dziko la England m'caka ca 1968, umene sunathe ndi kuseka. Unayamba pa dzina la munthu mmodzi, ndipo unathandiza kutsekera dziko la South Africa kunja kwa masewero a maiko kwa zaka zoposa 20.

Sewero lace linali kiriketi. Timu iri yonse imakhala ya anthu 11. Woponya amaponya mpira wolimba kuti agwetse timitengo titatu tozikidwa pansi, ndipo womenya amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa m'manja, nayesa kuumenyera mpirawo kutali. Mpira ukapita, omenya awiri amathamanga kusinthana malo, ndipo ulendo uli wonse umawerengedwa rani imodzi. Masewero akuru a pakati pa maiko, ochedwa Test, amatenga masiku asanu. Tsono kuponya ndi kumenya ndi maluso awiri osiyana, ndipo timu ya omenya okhaokha singapambane, monga nyumba singaime ndi nsanamira zokha popanda phaso. Cifukwa cace osankha angathe kusiya katswiri weniweni osamlakwira konse, ngati malo a luso lace adzala kale. Ici ciyenera kukumbukika, pakuti mlandu wonse wagona pamenepa.

Basil D'Oliveira anabadwira ku Cape Town. Malamulo a tsankho a dziko lija anamuika m'gulu la Makaladi, ndipo potero sanaloledwe kusewera ndi Azungu, ngakhale anali kuwaposa ambiri a iwo. Anaphunzira kumenya mpira m'makwalala ndi pa mabwalo a miyala ndi fumbi, natsogolera timu ya anthu osakhala Azungu pa ulendo wa ku East Africa m'caka ca 1958. Poona kuti kwao njira yatsekeka, analembera makalata John Arlott, muulutsi wa masewero pa wailesi ya ku England, ndipo mwa thandizo lace anafika ku tauni ya Middleton m'caka ca 1960. Anakwera nalowa timu ya Worcestershire, ndipo m'caka ca 1966 anasankhidwa kusewerera dziko la England.

Tsono timu ya England inayenera kupita ku South Africa kumapeto kwa caka ca 1968, ndipo anthu onse anadziwa funso limene linali kudza. Bungwe lochedwa MCC, limene linali kuyang'anira maulendo otere masiku amenewo, linalemba kalata kufunsa ngati lidzaloledwa kutenga munthu ali yense amene lifuna. Yankho lomveka silinabwere, ndipo bungwelo silinaumirire. Koma m'mwezi wa March nduna yaikuru ya South Africa, John Vorster, inauza Lord Cobham mseri kuti D'Oliveira akasankhidwa ulendo sudzakhalapo. Mau amenewa anafika kwa akuru atatu a MCC, ndipo iwo anawasunga osauza anzao a m'komiti. Pambuyo pace mkuru wina wa kampani ya fodya anamlonjeza D'Oliveira nchito yophunzitsa kiriketi ku South Africa, ya malipiro a mapaundi 4,000 pa caka, malinga anene yekha kuti sapita nao ulendowo. Iye sanailandire.

M'nyengo yomweyo dzanja lace linali litayamba kuzizira. Ku West Indies, kumayambiriro kwa cakaco, sanacite bwino. Pa Test yoyamba yolimbana ndi Australia anamenya marani 87 osaturutsidwa, koma anamcotsa m'timu, ndipo atabwerera ku Worcestershire kumenya kwace kunali kosakondweretsa. Zinaoneka ngati funso lija lafa lokha. Koma cakudza siciimba ng'oma: Test yotsiriza iri pafupi kuyamba pa bwalo la The Oval, womenya wina dzina lace Roger Prideaux anadwala, ndipo D'Oliveira anaitanidwa m'malo mwace. Anamenya marani 158. Tsiku lotsiriza, nthawi iri kutha, anaturutsa Barry Jarman amene anali atakanirira, ndipo England inapambana.

Usiku wa tsiku lomwelo, pa 27 August, osankha anakhala pansi ku Lord's kwa maora ngati asanu ndi limodzi. Akuru atatu aja odziwa mau a Vorster anali m'cipindamo. Kutaca maina 16 anawerengedwa pa wailesi, ndipo la D'Oliveira panalibe. Iye anamva ali m'cipinda cobvalira ku Worcester, atangomenya kumene marani ena 128, ndipo analira. Wapampando wa osankha, Doug Insole, anafotokoza kuti pa ulendo wa kunja anamuyesa womenya cabe, osati wodziwa zonse ziwiri, ndipo kuti pakati pa omenya analipo ena omposa.

Dziko linagawanika. Makalata anasefukira m'manyuzipepala, mamembala ena a MCC anaturuka m'bungwemo, ndipo mbusa David Sheppard, amene kale anatsogolerapo timu ya England, anasonkhanitsa anzace kuti aitanitse msonkhano. Ambiri anati nkhanga zinapangana kusanapse.

Komatu munthu wofuna cilungamo ayenera kumvanso mbali ya osankha, pakuti mau ao sanali opanda pace. Cinali coona kuti ku West Indies analephera. Cinali coona kuti pomenya marani 158 aja anthu a ku Australia anagwetsa mpira wace kangapo, pamene akadaugwira iye akadaturuka msanga. Cinali coona kuti kaponyedwe kace kanali kodalira mpweya wa cinyontho wa ku England, umene umakhotetsa mpira m'mwamba, ndipo kuti pa nthaka youma ya ku South Africa kakadacepa mphamvu. Ndiponso sanasiyidwe yekha: Colin Milburn, womenya wokondedwa ndi anthu, anasiyidwa tsiku lomwelo, ndipo khungu lace linali loyera. Okonda masewero ali ndi nthenda yao, ya kukumbukira sewero la dzulo lokha ndi kuiwala miyezi khumi ya m'mbuyo. Wosankha amaikidwa pa mpando kuti akumbukire zimene khamu laiwala.

Ngati mau onsewa ali oona, bodza liri pati?

Munthu akacita kanthu pamakhala cifukwa cimene camkankha, ndi cifukwa cimene amacionetsa kwa anthu. Kawirikawiri ziwirizi ndi cimodzi, koma si masiku onse. Wina akadza kubwereka khasu kwa mnansi wace wosamkonda, mwini khasu angayankhe kuti mpini wagwedera. Wobwerekayo akaliyang'ana adzapeza kuti mpini wagwederadi. Palibe liu lonama limene lanenedwa. Koma dzulo khasu lomwelo, ndi mpini womwewo, linabwerekedwa kwa mlamu wace. Mpini si umene wakaniza khasu; wangopezeka pafupi pa nthawi imene unafunika. Bodza lotere ndi loipa kuposa bodza wamba, pakuti wonamizidwayo alibe pogwira. Akadandaula amamuonetsa mpini, ndipo iye ndiye amaoneka wopanda nzeru.

Njira yoyesera cifukwa cotere ndi imodzi yokha: kuona ngati muyeso womwewo umagwira nchito pa anthu onse ndi pa masiku onse. Ndipo muyeso wa osankha aja unayesedwa msanga kuposa m'mene iwo akadafunira. Pakati pa anthu 16 aja panali Tom Cartwright, woponya, amene phewa lace linali kumbvuta cakaco. Pa 16 September iye anati sangathe kupita. Malo opanda munthu anali a woponya, ndipo osankha anaikapo D'Oliveira, munthu yemwe uja anati masabata atatu apitawo kuti kuponya kwace sikuwerengedwa. Ngati anali woyenera kulowa m'malo mwa woponya mu September, anali wodziwa zonse ziwiri mu August. Ngati sanali wotero mu August, ndiye kuti mu September anasankhidwa cifukwa ca phokoso la anthu. Mau awiriwa sangaime pamodzi.

Amene anaona mpata umenewu msanga ndiye Vorster. M'mawa mwace, polankhula ku Bloemfontein, anati timuyo siinalinso ya MCC koma ya adani a tsankho, ndipo dziko lace silidzailandira. Cinthu cowawa ndi cakuti m'mau ace munali kambeu ka coona, pakuti phokoso la anthu linalowadi m'kusankha kwaciwiri. Koma iyenso anali kuonetsa mpini wogwedera. Mtima wace anali ataupanga kale mu March, pamene panalibe phokoso liri lonse, ndipo osankha anangompatsa mau obisalamo. Pa 24 September ulendo unalephereka.

Kodi tsono osankhawo anali anthu abodza? Buku la msonkhano wao silisonyeza zimene munthu ali yense ananena, ndipo iwo anaumirira kufikira ukalamba wao kuti anayang'ana kiriketi yokha. Nkutheka ndithu kuti ena a iwo ananena zimene anakhulupirira. Mantha safuna mpando m'bwalo, ndipo sapempha nthawi yolankhula. Munthu akadziwa kuti njira iyi iri ndi mtendere ndipo inayo iri ndi mabvuto, zifukwa zokometsa njira ya mtendere zimayamba kulemera zokha m'maganizo mwace, iye osazindikira. Mpira wogwetsedwa uja umakula, marani 158 aja namacepa. Pa mlandu woonekeratu mantha sangathe kupotoza munthu wolungama. Koma pa mlandu wolinganira, pamene mbali zonse ziwiri ziri ndi mau, kacala kamodzi pa sikelo nkokwanira. Ndipo mlandu wa D'Oliveira unali wolinganira.

Cifukwa cace kulakwa kwakukuru sikunacitike usiku wa pa 27 August. Kunacitika miyezi ya m'mbuyo, pamene akuru a MCC analeka kuumirira yankho, namva mau a Vorster ndi kuwabisa. Anali kufuna kusunga ubwenzi wakale wa masewero, nayembekeza kuti kapena dzanja la D'Oliveira lidzazizirabe ndi kuwapulumutsa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Iwo anaopa kuswa mkhate, ndipo anamsiya khosweyo akhale. Akadanena poyera kuti sadzapita ku dziko limene liwasankhira anthu, osankha akadalowa m'cipinda muja ndi sikelo yoyera, ndipo ngakhale akadamsiya D'Oliveira, anthu akadakangana sabata imodzi monga anakanganira za Milburn, nkhani nkutha. Apa ndi pamene panali mtima wa mau a Sheppard ndi anzace: sanali kudziyesa odziwa kiriketi kuposa osankha, koma anali kufunsa cifukwa cace bungwe linalola kuti kusankhako kucitike pansi pa mthunzi wotere. Pa msonkhano wa mu December anagonja pa mavoti.

Nkhaniyi iri ndi mbali ina imene inadziwika patapita zaka zambiri. Cartwright, atakalamba, anaulula kuti phewa silinali cifukwa cokha. Anali atawerenga m'nyuzipepala kuti anthu a cipani colamula ku South Africa anaomba m'manja pomva kuti D'Oliveira wasiyidwa, ndipo mtima wace unada nao ulendowo. Phewa linali kuwawadi, ndipo iye analionetsa, nabisa cinaco. Tsono naye anacita monga mwini khasu uja. Kodi ayenera kutsutsidwa pamodzi ndi enawo? Wina angati inde, pakuti akadanena poyera akadathandiza anthu kuona msanga. Mauwo ali ndi mphamvu. Komabe ziwirizi sizifanana kwenikweni. Cartwright anabisa cifukwa cace nataya malo ace a iye mwini, ndipo sanasewererenso England. Amene anabisa mau a Vorster sanataye kanthu kao usiku uja. Wolipira anali munthu wina, amene analibe mau m'cipindamo ndipo sanadziwe zimene iwo anadziwa.

D'Oliveira mwini sananyoze munthu poyera, ndipo ena a kwao anamdandaula kuti anafatsa koposa. Anaseweranso England kufikira 1972, nakwanitsa masewero a Test 44. Ulendo wa timu ya South Africa wopita ku England m'caka ca 1970 unaletsedwa, ndipo dzikolo silinabwerere m'masewero a maiko kufikira 1991. Iye anamwalira m'caka ca 2011, ndipo cikho cimene England ndi South Africa amalimbirana pa masewero a Test cimachedwa ndi dzina lace. M'caka ca 2000, posankha akatswiri 10 a kiriketi a ku South Africa a zaka 100 zapitazo, anamuika m'gululo, ngakhale sanasewerepo Test ndi imodzi yomwe m'dziko limene anabadwira.