Liwiro la Galu ndi Ndalama za Munthu

Pa 24 July 1926, khamu la anthu linasonkhana pabwalo la Belle Vue mumzinda wa Manchester ku England kudzaonera chinthu chimene chinali chachilendo m'dzikolo: agalu a mtundu wa greyhound akuthamangitsa kalulu wachidole woyendetsedwa ndi makina mozungulira bwalo. Luso limeneli linachokera ku America, kumene Owen Patrick Smith anatsegula bwalo loyamba lotere ku Emeryville, m'chigawo cha California, mu 1919. Masewerowa anafalikira ku Ireland, Australia, New Zealand ndi Macau, ndipo kulikonse kumene anafika ankayenda limodzi ndi juga. Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Agalu asanu ndi mmodzi, kapena asanu ndi atatu m'maiko ena, amatsekeredwa m'timabokosi, aliyense atavala kansalu ka nambala yake ndi chotsekera pakamwa. Kalulu uja akadutsa, zitseko zimatseguka, agalu amaliyatsa liwiro lofika pafupifupi makilomita 70 pa ola, ndipo m'masekondi 30 okha ndalama zasintha matumba.

Lero mabwalo amenewa akutsekedwa limodzilimodzi. Belle Vue yomwe ija inatsekedwa mu 2020. Ku Florida, kumene kunali mabwalo ambiri kuposa chigawo china chilichonse cha America, anthu 69 mwa 100 aliwonse amene anavota mu November 2018 anasankha kuthetsa mipikisanoyi, ndipo m'dziko lonselo mwatsala mabwalo awiri okha, onse ku West Virginia. Boma la New Zealand linalengeza mu December 2024 kuti liletsa masewerowa, ndipo boma la Wales linalengeza zomwezo mu February 2025. Funso limene lavutitsa maiko onsewa ndi lakale kwambiri: kodi munthu ali ndi ufulu wotani pa cholengedwa chimene chili m'manja mwake, ndipo ufuluwo umalekezera pati?

Oikira kumbuyo masewerowa ali ndi mfundo zimene sitiyenera kuzipeputsa. Amati greyhound sakwapulidwa ngati bulu wokoka ngolo. Amathamanga chifukwa kuthamangitsa chinthu chothawa ndi chibadwa chake, ndipo kumumana liwiro kungakhale nkhanza inanso. Amati ophunzitsa agalu ambiri amawakonda, amawadyetsa bwino, ndipo mabanja ochuluka amapeza chakudya kuchokera ku ntchitoyi. Nafenso tivomereze kuti kupikisanitsa nyama pakokha Chisilamu sichinakuletse. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapikisanitsa akavalo ku Madina, ndipo ngamira yake yotchedwa Al-Adhba inkadziwika ndi liwiro mpaka tsiku limene inagonja kwa ngamira ya munthu wina wa kuchipululu. Ndime yachinayi ya Surat Al-Maida imaloleza kudya nyama yogwidwa ndi zinyama zimene taziphunzitsa kusaka, ndipo Aarabu akhala akusaka ndi agalu a mtundu wa saluki, abale ake a greyhound, kwa zaka mazanamazana. Choncho vuto silili pa kuthamanga kwa galu, ngakhale pa kusangalala kwa munthu pomuona akuthamanga.

Komabe m'nkhani ya akavalo ija muli kanthu kamene kamatiunikira. Abdullah bin Umar, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti akavalo okonzekeretsedwa bwino anapatsidwa mtunda wautali, kuchokera ku Al-Hafya kukafika ku Thaniyyatul Wada, pamene osakonzekeretsedwa anapatsidwa mtunda waufupi. Muyeso unali mphamvu za nyamayo. Kavalo wogonja ankabwerera kukhola kwa mwini wake n'kupitiriza ntchito zake zina, pakuti phindu lake silinathere pa mpikisano. Tiyeni tione ngati galu wa pabwalo la juga amachitiridwa chimodzimodzi.

Poyamba pali nkhani ya kuswetsa. Palibe amene angadziwe galu waliwiro asanabadwe, choncho wofuna katswiri mmodzi amaswetsa ambiri n'kusankhamo. Otsalawo amadya ndalama popanda kubweretsa kanthu. Mu 2016, Michael McHugh, yemwe kale anali woweruza m'khothi lalikulu kwambiri la Australia, anatsogolera kafukufuku m'chigawo cha New South Wales ndipo anapeza kuti mwa agalu 97,783 amene anabadwa m'zaka 12, pakati pa 48,891 ndi 68,448 anaphedwa chifukwa anaoneka ochedwa kapena osayenera mpikisano. Ku Ireland, wailesi ya kanema ya RTÉ inaulula mu June 2019 kuti agalu pafupifupi 6,000 ankaphedwa chaka chilichonse pa chifukwa chomwecho. Ngakhale galu wopambana amasiya kuthamanga ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, pamene moyo wake umatha kupitirira zaka khumi, ndipo zaka zotsalazo zimafuna munthu wozilipirira.

Kachiwiri pali bwalo lenilenilo. Limamangidwa mozungulira ngati dzira kuti oonerera aone mpikisano wonse. Agalu onse amalimbirana mbali yamkati pamene akufika pokhota poyamba ali pa liwiro lalikulu, ndipo pamenepo ndi pamene amagundana, kugwa ndi kuthyoka miyendo. Bungwe loyang'anira masewerowa ku Britain, la Greyhound Board of Great Britain, linalemba lokha kuti mu 2023 panachitika ngozi zovulaza agalu zokwana 4,238, ndipo agalu 109 anafera pabwalo. Kachitatu pali zobisika. Mu February 2015, pulogalamu ya Four Corners ya wailesi ya kanema ya ABC ku Australia inaonetsa ophunzitsa ena akumangirira akalulu amoyo, ana a nkhumba ndi tinyama totchedwa possum pa makina aja kuti agalu azitikhadzula, poganiza kuti galu wolawa magazi amathamanga kwambiri. Mchitidwewu unali woletsedwa kale ndi malamulo, koma unkachitikabe, ndipo ena mwa ochita anali anthu odziwika m'masewerowa.

Zoipa zitatuzi zili ndi muzu umodzi. Ndalama zimene zimayendetsa ntchito yonseyi zimachokera ku juga. Ku Britain mipikisano yambiri imachitika m'mawa ndi masana, pabwalo pali anthu owerengeka, cholinga chake chili choti ionetsedwe m'mashopu obetchera ndi pa intaneti, wina ukatha wina n'kuyamba. Wobetcha sadziwa dzina la galuyo, amangodziwa nambala. Kwa iye galu wasanduka chimene khadi lili kwa wotchova juga, ndipo khadi likang'ambika limatayidwa n'kutenga lina. Qur'an inaika juga pamodzi ndi mowa m'ndime ya 90 ndi 91 ya Surat Al-Maida, ndipo inatchula udani ndi kuiwala Mulungu ngati zipatso zake. Pamabwalo amenewa tikuona chipatso chinanso: mtima wozolowera kuyeza chamoyo ndi ndalama zimene chabweretsa sabata ino.

Wina angafunse kuti, nanga ife sitipha mbuzi, nkhuku ndi nsomba tsiku ndi tsiku? Timapha ndithu, ndipo kusiyana kwake kuyenera kunenedwa momveka. Chilolezo chotenga moyo wa nyama tinapatsidwa chifukwa cha chosowa chenicheni, monga chakudya kapena kudziteteza, ndipo chinabwera ndi malire: mpeni ukhale wakuthwa, nyama isazunzike, dzina la Mlengi wake litchulidwe. Kutchula dzinalo ndi kuvomereza kuti moyowo si wathu, tangoubwereka. Galu wophedwa chifukwa chochedwa ndi theka la sekondi sanadyetse aliyense, ndipo sanaopseze aliyense. Wafa kuti mwini wake asawononge ndalama za chakudya. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analetsa kusandutsa chamoyo chinthu choyeserapo mivi, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: zowawa za cholengedwa sizingakhale mtengo wa masewera a munthu.

Pali mfundo ina imene imabwera msanga m'makomo mwathu, yoti galu ndi najisi, ndiye n'kudera nkhawa zotani. Zoona, m'chiphunzitso cha Imam Shafi'i chiwiya chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Koma lamuloli likunena za ukhondo wa munthu pokonzekera mapemphero ndi pa zakudya zake. Silinapereke kwa aliyense ufulu wozunza. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu amene anatsikira m'chitsime, natunga madzi ndi nsapato yake, namwetsa galu amene ankafa ndi ludzu, ndipo Allah anamukhululukira machimo ake. Maswahaba atadabwa, anauzidwa kuti kuchitira zabwino chamoyo chilichonse kuli ndi malipiro. M'mabuku omwewo muli mkazi amene analowa kumoto chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa, osamudyetsa, osamumasula kuti adzipezere yekha. Taonani kuti tchimo lake linali kutsekera. Amene walanda nyama ufulu wodzisamalira wasenza udindo wonse wa moyo wake. Greyhound wa mpikisano anabadwa chifukwa munthu anafuna, amakhala m'khola nthawi yaikulu ya tsiku chifukwa munthu anafuna, ndipo alibe kumene angathawire. Udindo wa mwini wake ndi waukulu kuposa wa munthu amene wangokumana ndi galu panjira.

Tsono kodi masewerowa angakonzedwe m'malo mothetsedwa? Funsoli n'loyenera, chifukwa pali zitsanzo za kukonza kumene kunatheka. Mipikisano ya ngamira ku United Arab Emirates ndi Qatar inkagwiritsa ntchito ana aang'ono ochokera m'maiko osauka. Mu 2005 maikowa analetsa zimenezo, ndipo m'malo mwa ana anaikamo timakina tokwera pamsana pa ngamira. Kumeneko choipacho chinali chochotseka popanda kugwetsa masewero onse. Oyang'anira mipikisano ya agalu nawonso ayesetsa: pamabwalo ovomerezeka a ku Britain pamakhala dokotala wa zinyama, ndipo kuyambira 2020 pali thumba la ndalama zothandiza kupezera agalu opuma makomo atsopano. Zimenezi zapulumutsa agalu ambiri, ndipo n'zoyamikika. Koma pokhota paja sipangachoke, pakuti ndi bwalo lenilenilo, ndipo kuswetsa ambiri posaka mmodzi sikungathe malinga ngati liwiro ndilo limalipira. Ku New Zealand kafukufuku anachitika katatu m'zaka pafupifupi khumi, mu 2013, 2017 ndi 2021, ndipo eni masewero anapatsidwa mpata wosintha. Nduna yoona za mipikisano, Winston Peters, munthu wodziwika ndi kukonda mipikisano ya akavalo, ndi amene pomaliza analengeza za kuletsa, ponena kuti chiwerengero cha agalu ovulala chinakanabe kutsika mokwanira. Mabungwe atatu akuluakulu osamalira nyama ku Britain, a RSPCA, Dogs Trust ndi Blue Cross, atagwira ntchito ndi eni masewero kwa zaka zambiri, mu 2022 anapempha kuti mipikisanoyi ithe.

Kuthetsa nako kuli ndi mtengo wake, ndipo wachilungamo sabisa zimenezi. Mtsogoleri wa New South Wales, Mike Baird, analengeza za kuletsa mu July 2016, koma pofika October anabweza mawu ake chifukwa cha mkwiyo wa anthu a m'madera akumidzi amene ankaopa kutaya ntchito. Anthu amenewo si onse anali ankhanza, ndipo dziko limene linadya misonkho ya jugayo kwa zaka zambiri liyenera kuwathandiza kupeza njira zina. Agalu nawonso sangangosiyidwa. Bwalo la Canidrome ku Macau litatsekedwa mu July 2018 linasiya agalu oposa 500, ndipo zinatengera miyezi yambiri ya khama la mabungwe achifundo kuti apezeredwe makomo m'maiko osiyanasiyana. New Zealand inadzipatsa miyezi pafupifupi 20 kuti agalu okwana 2,900 apeze owasunga. Kutseka chitseko n'kuchokapo kukanafanana ndi tchimo la mkazi wa mphaka uja.

Akuluakulu anati zidze pano n'zatonse. Kuno kulibe mabwalo amenewa, koma makampani a juga amatumiza mipikisanoyi pa intaneti kumaiko ambiri, ndipo foni ya m'thumba yafupikitsa mtunda. Ndalama iliyonse yobetcheredwa pa galu wothamanga ku England kapena ku Australia imathandiza kuti mpikisano wotsatira uchitike, ndi kuti ena aswetsedwe kudzalowa m'malo mwa ovulala. Ndime ya 38 ya Surat Al-An'am imatiphunzitsa kuti nyama ndi mbalame ndi mitundu monga mmene ife tilili mitundu. Ngati zili choncho, muyeso wa chilungamo chathu pa izo ndi zimene timachita nazo phindu lake likatha: galu amene wasiya kupambana, ng'ombe imene yakalamba pagoli, bulu amene msana wake wachita zilonda. Mipikisano ya greyhound yakhala ndi zaka zoposa 100 zoti ionetse kuti ingathe kusamala galu wotsiriza monga imasamalira woyamba, ndipo ziwerengero za eni ake omwe zikusonyeza kuti yalephera. N'chifukwa chake maiko amene akuithetsa, n'kusenza udindo wa agalu ndi anthu otsala, akuchita chinthu cholungama.