Kodi Ikawola Imodzi Zawola Zonse?

Pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo pali kanjira kachidule kamene anthu a midzi yozungulira akhala akuyendamo kuyambira nthawi ya makolo awo. Amayi opita kuchigayo, ana a sukulu, odwala, ngakhalenso ife opita ku Misa tsiku la Mulungu, tonse tinkadzera momwemo. Usiku wina munthu anadula mitengo ya bulugamu m'nkhalango ya esitetiyo, ndipo sanagwidwe. Kutacha, alonda analamulidwa kuti munthu aliyense wa mudzi umene ankaukayikira asapondenso m'kanjirako. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina wachikulire, thumba la chimanga lili pamutu, akubwezedwa kuti akazungulire kumsewu waukulu. Atafunsa chimene analakwa, mlonda uja anayankha mwaulemu ndithu: "Pepani mayi, inu mukudziwa kuti ikawola imodzi zawola zonse."

Mawu amenewa andibwereranso m'mutu chifukwa cha dandaulo la mphwanga wina amene amaphunzira mothandizidwa ndi foni yake. Iye anapeza kuti watsekeredwa kunja kwa gulu lina la pa intaneti kumene anthu amacheza ndi kuthandizana maganizo, chonsecho sanalembemo chipongwe chilichonse. Chifukwa chake nchakuti makina aliwonse olowa pa intaneti amadziwika ndi nambala, ngati keyala ya kalata, ndipo makampani a mafoni kawirikawiri amapatsa makasitomala ambirimbiri nambala imodzi yotulukira kunja, monga momwe antchito onse a pa esiteti amatulukira pachipata chimodzi. Wina akatukwana kapena kunamiza anzake, woyang'anira gulu amatseka nambalayo, kapena nambala zonse za kampaniyo, ndipo osalakwa amapsera limodzi ndi wolakwa. Khalidweli silachilendo. Linafala kale pa njira yochezerana yotchedwa IRC, imene Jarkko Oikarinen wa ku Finland anayambitsa mu 1988. Ndipo kumayambiriro kwa chaka cha 2007 kunamveka mbiri yakuti Wikipedia, pofuna kuletsa anthu owononga zolembedwa, inatseka nambala imodzi, nkupezeka kuti kwa kanthawi yatsekereza pafupifupi dziko lonse la Qatar, popeza anthu a kumeneko ankatulukira pa nambala imodzi yomweyo.

Kanjira ka m'tiyi ndi chipata cha pa intaneti zikutifunsa funso limodzi: kodi nkoyenera kulanga anthu ambiri chifukwa cha tchimo la munthu mmodzi?

Tisafulumire kuweruza mlonda, pakuti nayenso ali ndi mfundo zake. Iye anapatsidwa udindo woteteza, ndipo akalephera, ntchito imthera. Wakuba sayenda ndi chizindikiro pamphumi. Woyang'anira gulu la pa intaneti nthawi zambiri amagwira ntchitoyo mongodzipereka, popanda malipiro, ndipo munthu wachipongwe akathamangitsidwa amangosintha dzina nkubweranso. Nanga atani? Komanso makolo athu sananame ponena kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Munthu sakhala payekha ngati mtengo wa m'chipululu. Zochita zake zimakhudza banja lake ndi mudzi wake, ndipo mudzi umene umabisa mbala uli ndi gawo lake pa mlanduwo.

Komabe tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimafanana nkhope koma mitima yake nkukhala yosiyana: kuteteza ndi kulanga. Mu Januwale 2023, matenda a kolera atavuta, boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Ana onse anakhala pakhomo, odwala ndi amoyo omwe, koma palibe mwana amene anatchedwa wolakwa. Chinali chitetezo cha iwo eni, ndipo chinali cha kanthawi. Chilango nchinthu china. Chilango chimalankhula, chimauza munthu kuti: "Iwe wachimwa." Tsono kunena mawu otere kwa munthu amene sanachimwe ndi bodza, ngakhale bodzalo litanenedwa ndi chipata chotseka osati ndi pakamwa.

Malembo Oyera salankhula mokayika pa nkhani imeneyi. M'buku la Genesis, mutu 18, Abrahamu akuchonderera Chauta chifukwa cha mzinda wa Sodomu, kuyambira pa anthu olungama 50 mpaka kutsikira pa 10, ndipo Chauta akuvomera kuti chifukwa cha ochepawo mzinda wonse ukhoza kupulumuka. Taonani m'mene masamu a Mulungu asiyanirana ndi athu. Ife timati woipa mmodzi aipitsa onse. Mulungu akuti olungama owerengeka akhoza kupulumutsa onse. Mneneri Ezekiele, pa mutu 18, akudzudzula Aisraele chifukwa cha mwambi wawo wa mphesa zosapsa, wofanana kwambiri ndi wathu wa nkhuyu uja, ndipo akuphunzitsa kuti munthu aliyense adzayankha mlandu wa iye mwini. Ambuye Yezu nawonso, m'fanizo la pa Mateyo 13, akusimba za mwini munda amene analetsa antchito ake kuzula namsongole nthawi isanakwane, kuopa kuti angazulire kumodzi ndi tirigu. Antchito aja anali achangu ndi okhulupirika, monga mlonda wathu uja, koma changu chawo chikadawononga munda umene ankafuna kuuteteza.

Nzeru za anthu nazo zinafika pomwepo, zitadzera m'misozi ya nkhondo. Pangano lachinayi la ku Geneva la 1949, pa ndime 33, limaletsa kulanga munthu wamba pa mlandu umene sanapalamule iye mwini. Ngati lamuloli liyenera kusungidwa pa nthawi ya nkhondo, kuli bwanji pa nthawi ya mtendere?

Ife Amalawi sitifunika kupita kutali kuti tiphunzire zimenezi. M'maboma ano a tiyi, pa nthawi ya thangata, lamulo la atsamunda la 1928 linkalola eni maesiteti kuchotsa gawo la mabanja okhala pa malo awo popanda kutchula cholakwa cha munthu aliyense. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kuti aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo, potsatira chinenezo chakuti aphunzitsi ochokera kumpoto sankaphunzitsa ndi mtima wonse ana a zigawo zina. Palibe amene anafunsidwa payekha. Aphunzitsi okhulupirika anapakira katundu wawo, mabanja anasokonekera, ndipo ana a kuno kumwera anataya aphunzitsi amene ankawakonda. Munthu sanaweruzidwe ndi ntchito zake koma ndi chipata chimene anatulukira pobadwa.

Apa ndipo pagona kuipa kwenikweni kwa chilango chophatikiza. Choyamba, chimachotsera munthu dzina lake ndi kumusandutsa nambala, pamene Mulungu amadziwa aliyense wa ife ndi dzina. Chachiwiri, sichigwira ngakhale amene chikumufunayo: wakuba mitengo amadziwa njira zina khumi za usiku, wachipongwe wa pa intaneti amapeza nambala ina msanga, ndipo amene amatsala atatsekeredwa ndi gogo wa thumba la chimanga ndi mwana wa sukulu. Chachitatu, chimabala chidani. Mudzi umene ukadathandiza kugwira mbala umasanduka mdani wa esiteti, chifukwa munthu amene wamutcha wakuba popanda umboni sangakuthandizenso kusaka wakuba.

Tsono aliyense amene wapatsidwa kiyi, kaya ndi kapitawo, mfumu, mphunzitsi wamkulu, mtsogoleri wa mphakati kapena woyang'anira gulu la pa foni, adziyese mumtima asanatseke chitseko. Kodi ndayesetsa kumufuna wolakwayo, kapena ndangosankha njira yosatopetsa? Kodi ndikuteteza anthu kapena ndikubwezera mkwiyo? Kodi ndaika tsiku lotseguliranso? Kodi ndasiya kakhomo koti wosalakwa agogodepo ndi kumvedwa? Pali nthawi zina pamene kutseka sikungapeweke, koma pamenepo wotsekayo adziwe kuti ali ndi ngongole kwa osalakwa, ndipo afulumire kuibweza.

Mwambi wa nsomba ndi woona pa nsomba, pakuti nsomba za m'dengu nzakufa, zilibe ufulu wosankha ndipo sizingalape. Koma anthu si usipa. Aliyense ali ndi mzimu wake, chikumbumtima chake, ndi mlandu wake pamaso pa Mulungu. Kanjira kaja kanatsegulidwanso patapita masabata angapo, mafumu atakambirana ndi akuluakulu a esiteti, koma palibe amene anapita kukapepesa kwa mayi uja. Abale anga, tisaiwale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo pa tsiku lomaliza tonsefe tidzalakalaka kuti Woweruza atiyang'ane mmodzimmodzi, osati monga mwa mudzi umene tinachokera.