Kodi Chithunzi cha Patchuthi Chimachitira Umboni Chiyani?

Pali anthu ena amene masiku ano amanyamula kamera ya filimu popita kutchuthi ngakhale ali ndi foni m'thumba, ndipo chifukwa chimene amapereka n'chakuti filimu sinama. Mawu amenewa ndi ofunika kuwasinkhasinkha, pakuti amadzutsa funso lakale la anthu oganiza mozama, loti kodi umboni woona umakhala wotani.

Filimu ya negetivu, kutanthauza filimu imene imasunga chithunzi chamitundu chili chotembenuka, inafika pamsika m'chaka cha 1942 pamene kampani ya Kodak inatulutsa Kodacolor. Filimuyi ili ndi timiyalo timene timamva kuwala kwabuluu, kobiriwira ndi kofiira, ndipo ngakhale kuwala kutaigunda, palibe chimene chimaoneka kufikira itatsukidwa m'mankhwala, kawirikawiri potsata njira yotchedwa C-41 imene inayamba mu 1972. Munthu akaiyang'ana padzuwa amaona zachilendo, chifukwa mano amaoneka akuda, tsitsi loyera, ndipo zonse zimakutidwa ndi mtundu wonga wa lalanje.

Katswiri wa ku France, Roland Barthes, anafotokoza m'buku lake la mu 1980 kuti mphamvu ya chithunzi ili potsimikizira kuti chojambulidwacho chinalipodi. Pamenepa filimu sitsutsika, popeza kuwala kumene kunachokera pankhope ya munthu amene anaima m'mbali mwa nyanja ndi komweko kumene kunasintha mankhwala a pafilimupo. Komabe negetivu siinena kuti madzi anali obiriwira motani kapena khungu linali lowala bwanji, chifukwa zimenezo amagamula ndi wosindikiza. Kwa zaka zambiri malo otsukira zithunzi ankayesa makina awo pogwiritsa ntchito kadi yotchedwa Shirley, imene inali ndi chithunzi cha mayi wachizungu, moti nkhope za anthu akuda zinkatuluka zobisika mumdima.

Choncho umboni uli ndi mbali ziwiri, monga momwe zimakhalira pabwalo la milandu, pamene mboni imatha kukhala kuti inalipodi koma n'kufotokoza nkhani mokondera. Mbali yoyamba, yoti chinthu chinachitika, kuwala kumaisunga popanda kufunsa munthu aliyense. Koma yachiwiri, yoti chinaoneka bwanji, imadutsa m'manja mwa anthu amene ali ndi zokonda zawo ndi zizolowezi zawo. Wonena kuti filimu sinama walondola pa mbali yoyamba yokha, ndipo pa yachiwiri ayenera kufunsa kuti anasankha mitunduyo ndani, ndiponso ankayeza ndi nkhope ya yani.